Hajara wa m'foni

Ramadhani ndi msodzi wa utaka, ndipo za m'madzi palibe angamuuze. Mphepo amaidziwa isanafike, injini ya boti ikangotsokomola amadziwa chimene yadwala. Koma nkhani imene amakonda kukamba mwini wake, akudziseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa, ndi ya chaka chimene foni inamufunsa za mkazi wake iye n'kulakwa mayeso.

Anabadwira kufupi ndi doko la Chikombe. Sukulu anaisiyira panjira, kumadrasa anapirirako pang'ono, ndipo ndevu zisanamere anali atayamba kale kukoka makoka. Atakula anakwatira Hajara wa m'mudzi wina kufupi ndi Khombedza, nakhala mkamwini. Nyumba anamanga yekha, ya njerwa zootcha, koma pamalo a kwawo kwa mkazi. Aliyense akudziwa tanthauzo lake: zinthu zikavuta, mkamwini amanyamula chikwama, nyumba siinyamulika.

Chaka chilichonse, chilumba cha Mbenji chikatsegulidwa mu Epulo, Ramadhani amawoloka ndi anzake n'kukakhala komweko mpaka chitsekedwe mu Disembala. Kumeneko mkazi sapondako, mowa kulibe, juga kulibe. Kuli amuna okhaokha, miyala, ndi nsomba zoyanika. Kumudzi ankatumiza nsomba ndi uthenga wa pafoni, ndipo uthengawo sunkasintha.

"Mwadzuka bwanji amayi a Zulfa? Ana ali bwanji? Nsomba zija zafika?"

"Zafika."

"Alhamdulillah."

Basi, foni m'thumba. Ramadhani ankanyadira kuti banja lake ndi lopanda phokoso. Ana anakula, Zulfa woyamba uja anakwatiwa, ndipo pazaka zonsezo ankhoswe sanakhalepo pansi chifukwa cha iye. Ankadziona ngati mwamuna woti ena aphunzirepo.

Ndiye chaka chimenecho mwera unavuta. Unawomba osapuma, maboti onse ali pamtunda, amuna akungoyasamula m'misasa. Happy, woyendetsa boti lawo, bambo wa ana atatu amene anafika Folomu 4 ndipo salola kuti wina aiwale zimenezo, anatenga foni ya Ramadhani n'kuikamo gemu. Sinali ya mpira kapena ya mfuti. Munali timunthu toyenda m'nyumba, todya, togona, tokangana, ndipo mwini foni ndiye amatiumba n'kutisankhira khalidwe.

"Astaghfirullah, Mulungu andikhululukire, kuumba munthu ndi ntchito yanga ine?" anatero Ramadhani. Koma mwera sunaleke, ndipo madzulo asanafike anali atayamba kuumba.

Anayamba ndi iye mwini. Ramadhani weniweni ndi wamfupi, wadazi, ali ndi kamimba kotsogola, ndipo dzino limodzi analisiya pa chingwe cha nangula. Ramadhani wa m'foni anatuluka wamtali, tsitsi lodzaza mutu, mano onse ali mbee. Pofika pa khalidwe, Happy ankawerenga Chingerezi n'kumamasulira, Ramadhani akusankha. Woleza mtima? Dinani pamenepo. Wanthabwala? Dinaninso. Wodziwa kusangalatsa mkazi? Apa sanadikire n'komwe kuti Happy amalize. Ulesi, kuuma mutu ndi mkonono anazidumpha ngati sakuziona.

"Che Ramadhani, mkonono uja tisauike? Msasa wonse ndi mboni," anatero Happy.

"Iwe dina zimene ndakuuza. Foni ndi yanga."

Kamunthuko kanayenda m'nyumba kokha, n'kuyamba kudandaula kuti kakusowa wocheza naye. Ramadhani anakamvera chisoni, nati aumbenso Hajara. Nkhope sinavute kwenikweni: khungu loderako, mpata wa mano, mpango kumutu. Khalidwenso anangodina mosaganiza. Amakonda kuphika. Amakonda ukhondo. Ndi wofatsa. Sakonda zoyendayenda. Anali ndi chikhulupiriro ngati munthu amene akuwerenga zala zake.

Kenako gemu inapitiriza kufunsa. Amakonda mtundu wanji, wofiira kapena wobiriwira? Nyimbo zanji? Akapeza mpata amachita chiyani? Chimamunyansa n'chiyani? Pamoyo wake amalakalaka chiyani?

Chala cha Ramadhani chinaima m'malere.

"Nanga pokuperekezani kudoko anavala chitenje chamtundu wanji?" Happy anayesa kumuthandiza.

Ramadhani anatsinzina. Anakumbukira zigubu za petulo, zinali zachikasu. Anakumbukira chingwe chatsopano, chinali chabuluu. M'maganizo anamuona Hajara ataima pamchenga, koma chitenje chinakana kubwera. Manyazi anamugwira ndithu, ndipo pofuna kuwabisa anakalipira Happy kuti amafunsa zachibwana.

M'mawa mwake anadziuza kuti safunsa anadya phula. Anakwera pamwala pamene netiweki imagwira bwino, naimba foni, atakonza mawu ake kuti amveke okoma.

"Amayi a Zulfa, kodi inu mumakonda chitenje chamtundu wanji?"

Hajara anafunsa ngati munthu amene sanamve bwino.

"Mwati chiyani, bambo a Zulfa?"

"Ndati mtundu. Komanso nyimbo. Mumakonda nyimbo zanji? Nanga mtima wanu umalakalaka chiyani?"

"Mukudwala?"

"Ayi, ndili bwinobwino. Ndangofuna kudziwa."

"Chabwino, ndamva," anatero Hajara, nadula foni.

Ramadhani anatsika pamwala paja akumwetulira, poganiza kuti mkazi wake wachita manyazi ndi chikondi. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Chimene anaiwala ndi chimene mkazi aliyense wa kunyanja kuno amadziwa: mwamuna amene wakhala duu zaka zonse akayamba mwadzidzidzi kufunsa za mtundu wa chitenje, ndiye kuti wapeza wina. Amayamba wagulira mkazi wamkulu nsalu yokongola, kumulankhula mofewa, kenako n'kubwera ndi nkhani ya mitala. Hajara anaziona kwa mayi ake aang'ono, anazionanso kwa mnzake wogulitsa naye mandasi pa Khombedza. Sanafune wina woti amumasulire.

Mwera usanathe, foni inalira. Anali Ismael, mchimwene wake wa Hajara, amenenso ndi nkhoswe ya banjalo.

"Alamu, nyanja ikangodekha muwoloke. Mlongo wanga akuti iye za mitala ayi. Ngati mwapeza wina, mubwere mudzatenge zovala zanu mwaulemu."

Ramadhani analumbira, Wallahi zingapo, koma Ismael anangoti zonse zikakambidwa pamaso. Ulendo wonse wa paboti ankaganiza za chikwama chake chakale chija, ndi kumene munthu wadazi ngati iye angalowere nacho.

Anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, dzuwa lili pamutu. Ismael pampando, malume ake a Ramadhani pampando wina, Hajara pamkeka atayang'ana kumbali. Ismael anafotokoza mlandu: munthu amene sanafunsepo kanthu wafunsa zinthu zitatu tsiku limodzi. Malume aja anagwedeza mutu, kuvomereza kuti utsi sufuka popanda moto.

Ramadhani analibe mboni ina. Anatulutsa foni, natsegula gemu ija n'kupereka kwa Ismael.

Ismael anayang'anitsitsa. "Uyu wamtaliyu ndani?"

"Ndine."

"Watsitsiyu?"

"Ndine, alamu."

Ismael anayesa kudzigwira koma zinakanika. Anaseka mpaka kutsamira mtengo, napatsira malume foni, ndipo nkhalamba ija itaona mano a mphwake ali odzaza m'kamwa inatsokomola mpaka kupempha madzi. Kenako anaona kamkazi kovala mpango kakukolopa pansi, dzina lili pamwamba pake: Hajara. Ramadhani anafotokoza zonse, za mwera, za Happy, za mafunso amene anamukanika.

"Ndiye mkazi wachiwiri ndi ameneyu?" anatero malume. "Ameneyu ngakhale shehe sangamange ukwati wake. Apa palibe mlandu."

Ramadhani anapuma. Nyumba yabwerera, mbiri yabwerera. Anasekera limodzi nawo, mokweza kuposa onse.

Hajara yekha sanaseke. Anatambasula dzanja, nalandira foni, nayang'ana kamunthu kaja nthawi yaitali kakukolopa, kenako kakupita kukatsuka mbale.

"Achimwene, tandiwerengereni zimene andilembera apa."

Ismael anawerenga, chiseko chikuchepa pa mzere uliwonse. Amakonda kuphika. Amakonda ukhondo. Ndi wofatsa. Sakonda zoyendayenda. Kunsi kwake mabokosi onse anali opanda kanthu.

"Kuphika ndimaphika chifukwa anthu ayenera kudya," anatero Hajara, osakweza mawu. "Kuyenda, ndiyenda bwanji pakhomo palibe wina? Kufatsako, munthu ulankhula ndi ndani?" Anatembenuka n'kumuyang'ana mwamuna wake m'maso koyamba tsiku limenelo. "Bambo a Zulfa, ndifunse chimodzi. Mafunso aja munandifunsa pafoni, anali anu kapena a kanthu aka?"

Apa Ramadhani akamakamba amasiya kuseka. Akuti bodza linali pafupi, lokonzeka kale, ndipo ankhoswe akanalilandira. Koma munthu amene wangolumbira Wallahi kambirimbiri sangayambenso kunama dzuwa likuswa mtengo.

"Anali a gemu," anatero.

"Ndazindikira nditangoona foniyi. Ine ndinalira masiku onsewa poganiza kuti mwapeza wina. Koma pena ndinkati, bola wafunsa." Anaika foni pamkeka, chafufumimba. "Achimwene, mlandu wa mitala watha, pitani. Zovala zawo zikhale kaye. Koma ine sindine uyu."

Ankhoswe anatsanzika mwachangu, ngati anthu amene akumbukira kuti asiya mbuzi m'munda mwa eni. Boti lobwerera ku Mbenji linali kunyamuka masana omwewo, ndipo Happy anaimba kawiri. Ramadhani anayang'ana foni ikunjenjemera pamkeka, osaigwira. Mawu oti "kaye" aja anamuopsa kuposa mafunde onse amene anakumana nawo.

Hajara anapita kukhonde n'kuyamba kusankha mpunga m'lichero. Ramadhani anazungulira nyumba, anayang'ana denga ngati likudontha, anakonza mpanda umene sunathyoke. Potsiriza anabwera n'kukhala pansi pakhonde, patali pang'ono, ngati mlendo wodzafunsira mbeta. Munthu wodziwa kulamula boti pakati pa namondwe anasowa poyambira. Za chitenje sakanafunsanso, za nyimbo sakanafunsanso, zonsezo zinali za eni.

"Amayi a Zulfa," anayamba. "Pazinthu zonse zimene ndimabweretsa pakhomo pano, chilipo chimene simuchifuna?"

Hajara sanadzutse mutu. Anatola kamwala mumpunga n'kukataya pabwalo.

"Nsomba."

"Nsomba zanji? Utaka?"

"Zonse. Chiyambire pathupi pa Zulfa, fungo lake limandichititsa nseru. Ndimaphikira inu ndi ana, ine ndimadyera masamba kukhitchini."

Zulfa ameneyo tsopano ali ndi mwana kumbuyo. Ramadhani anayang'ana manja ake, ong'ambika ndi zingwe, onunkha utaka ngakhale atasamba ndi sopo wamtundu wanji. Anafuna kuseka, anafuna kulira, ndipo poti zonse ziwiri zinakanika, anagwira bondo kuti adzuke akapume mpweya kuseri.

"Mukupita kuti?" anatero Hajara, akusuntha lichero kuti pamkeka papezeke malo. "Mwafunsa nokha. Khalani pansi, sindinamalize."