Ndinakhala Pampando M'nyumba ya Siwa

Lachiwiri lapitali ndinachita chinthu chimene mayi anga, akanakhala moyo, akanandikokera khutu. Ndinakhala pampando m'nyumba ya siwa, azimayi anzanga onse ali pansi.

Musanandiweruze, imvani kaye.

Amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ndinasowa milungu ingapo. Ndinali kuchipatala ku Blantyre, kumene anandichita opaleshoni ya msana. Kwa zaka ziwiri mwendo wanga wakumanzere unkachita dzanzi, ululu ukuyambira m'chiuno mpaka kukafika ku chala chachikulu. M'kalasi ndinkalemba pa bolodi dzanja lina litagwira desiki. Dokotala anandiuza kuti fupa la kumunsi kwa msana linkapanikiza mtsempha, ndiye analisema pang'ono kuti mtsemphawo upume. Ponditulutsa anandipatsa malamulo: osawerama, osapotokola thupi, osanyamula chinthu cholemera kuposa ketulo ya tiyi. Kuyenda kokha ndiye anati ndisaphonye tsiku.

Ndinkayesa ndi malamulo ophweka. Sindinkadziwa kuti moyo wa mzimayi kuno ku Domasi uli pansi wonse. Tsache lathu ndi lalifupi. Mbaula ili pansi, beseni lochapira lili pansi. Za kuchimbudzi sindinena, mukudziwa nokha.

Amene anandisamala masiku oyambawo ndi mnzanga wa nyumba yoyandikana, mayi Chikopa. Mwamuna wanga amalawirira kuntchito ku Zomba, ndiye iwo ankabwera m'mawa uliwonse kudzandisambitsa mapazi ndi kundiveka nsapato, kenako n'kundigwira mkono mpaka pamsewu ndi kubwerera. Lolemba masana amuna awo anagwa m'munda wa mpunga. Anamwalira asanafike nawo kuchipatala.

Inu mukanakhala kunyumba? Ine sindikanatha.

Ndinapita pang'onopang'ono ndi ndodo yanga. Panja azibambo anali atakhala pamipando ya pulasitiki ndi mabenchi ochokera kutchalitchi. M'nyumba munali azimayi okhaokha, atakhala pamphasa miyendo atawongola, kuzungulira bokosi. Malo anga anali odziwikiratu, pambali pa namfedwa. Azimayi anasendera kuti ndidutse, wina n'kumenya mphasa ndi dzanja posonyeza pamene andisiyira.

Ndinayang'ana pansipo ngati m'chitsime. Kutsika mwina ndikanatsika, koma kudzuka? Mwendo wakumanzerewu sunabwerere mphamvu, ndipo kuti ndidzuke ndikanayenera kuwerama ndi kudzipotokola, zomwe anandiletsa zija. Ndinangotsamira khoma.

Nyimbo imodzi inatha ndili chiimire. Yachiwiri inathanso. Thukuta linayamba kutsika m'khosi.

Kenako mayi Makwinja, amene amatsogolera azimayi kutchalitchi kwathu, analankhula osanditembenukira n'komwe. "Aphunzitsi, mwaimirira chonchi mukuyang'anira mayeso? Kuno n'kuzovuta."

Ena anabisa nkhope m'zitenje. Ine ndinalakalaka nditasungunuka. Ndinayamba kufufuza njira yotulukira osaponda munthu.

Anandipulumutsa ndi Abiti Saidi, Msilamu wogulitsa mpunga kumsika, munthu amene tinkangopatsana naye moni basi. Anadzuka, anamanga bwino chitenje, n'kutuluka. Tonse tinawamva panjapo akuuza amuna awo: "Che Musa, tadzukani. Mpandowo uli ndi mwini wake mkatimu." Analowa atausenza, nauika pafupi ndi namfedwa.

"Khalani apa. Msana ngwanu, maso ngawo."

Ndinakhala. Koma musaganize kuti ndinapeza mtendere. Mutu wanga unali pamwamba pa mitu yonse, wolingana msinkhu ndi bokosi. Ndinkadziona ngati mlendo wolemekezeka pa tsiku lotsekera sukulu. Ndinkamva maso akundibaya kumbuyo.

Mayi Chikopa, amene chifikireni changa sanadzutse mutu, anasendera pang'ono. Anatsamiritsa mutu wawo pa bondo langa n'kuyamba kulira mwakachetechete. Ndinaika dzanja pa duku lawo. Tinakhala choncho mpaka mwambo wa mapemphero unayamba. Ndikatopa ndinkaimirira pang'ono, iwo n'kudikira, ndikakhala n'kubwezeretsa mutu pomwepo.

Chibwerereni kumaliroko funso limodzi landikana kuchoka m'mutu. Kodi anagawa ndani kuti mpando ndi wa bambo, mphasa ndi ya mayi? Ndakhala zaka zonsezi ndikupita m'maliro, m'zinkhoswe, m'misonkhano ya m'mudzi, osaliganizirapo. Zinatengera mpeni wa dokotala kuti ndilione.

Paja akulu anati safunsa anadya phula. Ndinayamba kufunsa.

Mwamuna wanga anayankha akupukuta nsapato. "Ndi mwambo, mayi. Tinaupeza." Nditamufunsa ngati iye angathe kukhala pamphasa kuyambira m'mawa mpaka adzukulu atamaliza kukumba, anaseka. "Ine? Mawondo angawa? Mungandinyamule pa wilibala."

Mphunzitsi mnzanga wa ku Malosa, amene anabwera kudzandizonda, anati sizokhudza ulemu ayi, ndi chitenje. Mzimayi amamasuka pansi, amawongola miyendo, amagoneka mwana pambali, amalira bwinobwino. Pampando munthu salira momasuka. Mfundo imeneyi inandigwira mtima, chifukwa ndi zoona. Pamphasa pamakhala kufundana kumene pabenchi kulibe. Mapewa amakhudzana. Ine pampando paja ndinali ndekha, mpaka pamene mayi Chikopa anatsamiritsa mutu pa bondo langa.

Abiti Saidi ndinakawapeza kumsika, pa ulendo wanga woyenda wa tsiku ndi tsiku, kuti ndikawathokoze. Anandiyang'ana ngati ndikuthokoza chinthu chopanda pake.

"Ife kumzikiti timawerama mpaka chipumi kugunda pansi," anatero akupeta mpunga. "Koma bambo anga atathyoka chiuno ankaswali atakhala pampando, ndipo palibe anawanena. Ngati Mwini wake amalandira pemphero la pampando, maliro a Chikopa angakane?"

Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza kuti nkhani ya sabata ino ndaipeza, ndipo mayi Makwinja ndiwakwapula bwinobwino m'nyuzipepala.

Lachisanu m'mawa ndinamva odi pakhomo. Anali iwowo, atanyamula mbale ya nthochi. Ndinawapatsa mpando pakhonde, koma anakana n'kukhala pansi. Ndinaona mmene anatsikira: dzanja limodzi pakhoma, mwendo wakumanja atauwongola ngati mtengo, mano ataluma mlomo. Kutsika kumeneko ndimakudziwa. Ndinatsika choncho zaka ziwiri.

Tinakamba za maliro, za mvula, za mbalame zimene zikutha mpunga. Sanapepese, ndipo ine sindinayembekezere. Kenako anatsitsa mawu.

"Aphunzitsi, anakuchekani pati?"

Ndinatembenuka thupi lonse, monga anandiphunzitsira, n'kukweza bulauzi pang'ono. Chipseracho n'chachifupi, sichiposa chala. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Kangokhala kotere? Ine ndinkamva kuti akakugwira msana sudzayendanso."

"Ndinabwera ndi miyendo yanga kumaliro kuja, mayi. Munandiona nokha."

"Nanga dzanzi linatha?"

"Likutha pang'onopang'ono. Ululu wotsika m'mwendo uja ndiye unasiya tsiku lomwelo. Chala chachikuluchi sichinadzuke bwino, akuti mtsempha umachedwa."

Anasisita ntchafu yawo. Kenako anandiuza. Chaka chino n'chachitatu nawonso akuvutika ndi mwendo. Mwendo umayaka ngati aupaka tsabola. Akamapita kutchalitchi amaima kawiri panjira, n'kumanamizira kumanga chitenje. Pamaliro amakhala pafupi ndi khoma dala, ndipo amadzuka pomalizira anthu atatuluka, kuti wina asaone mmene amakwawira. Ana awo sakudziwa. Amuna awo amati ndi ukalamba.

"Tsiku lija mutaimirira," anatero, "mtima unandipweteka. Ndinati, uyu akuonetsa poyera chimene ine ndabisa zaka zonsezi. Ndiye pakamwa panathamanga."

Ndinawauza zimene ndikudziwa, zomwe si zambiri. Ine si dokotala. Si dzanzi lililonse limafuna opaleshoni. M'chipinda chimene ndinagonekedwa ndinamva za ena amene anachira ndi mankhwala ndi mafizo okha, masewera olimbitsa thupi aja. Koma munthu sangadziwe ali pakhonde. Ndinati ayambe kuchipatala chathu chapafupi, akafotokoze zonse osachepetsa, osanena kuti "ndi pang'ono chabe" monga timachitira azimayi tikaona yunifolomu. Anavomera kuti apita Lolemba, ine ndikawaperekeze, poti kuyenda ndi mankhwala anga. Anandilola kulemba nkhaniyi bola dzina ndisinthe, ndipo ndasinthadi.

Ponyamuka ndinalephera kuwadzutsa, poti kunyamula n'koletsedwa. Ndinangowapatsa ndodo yanga. Anadzuka nayo, anaiyang'ana, n'kuseka. "Kanthu kabwino aka."

Tsono mkwapulo umene ndinakonza uja ndauika pansi. Sindikunena kuti titaye mphasa. Ndikachira ndidzabwerera pomwepo, phewa ndi phewa ndi anzanga, chifukwa ndakusowa kufundana kuja. Chimene chikundizunguza mutu n'china. Tinaphunzitsidwa kuti mzimayi wolimba ndi amene sadandaula, amene amasenza ndowa, kulima, kubereka mwana kumbuyo, kugwada popereka madzi, n'kudzuka osagwira khoma. Ndiye tikayamba kupweteka timabisa ngati tinaba. Ndipo mnzathu akalephera kubisa, timamuseka ife tomwe tikumva ululu womwewo.

M'nyumba ya siwa muja tinalimo azimayi odzaza chipinda. Mmodzi ndamudziwa chifukwa anabwera yekha ndi nthochi. Enawo sindikudziwa.

Nanga kwanuko, mayi amene amatsalira kudzuka anthu onse atatuluka, munayamba mwawafunsapo chifukwa chake?