Sozibele Wanga wa pa Khonjeni

Ndikukumbukira chaka chimene ndege zinayamba kulira pamwamba pa minda ya tiyi ku Thyolo. Othyola tiyi ankataya madengu n'kubisala m'mizere, ine ndili chilili, kukamwa yasa. Nzeru ndinali nazo zambiri masiku amenewo, zochita kusefukira m'kamutu kanga.

Bambo anali atapita wapansi ku Sozibele, mzinda wa kunja kwa dziko lino, kukafuna ntchito, ulendo umene anthu ankati umadya mwezi wathunthu. Atakhalitsa kumeneko, kapitawo wa pa esiteti anabwera kudzauza mayi kuti pakhomo popanda mwamuna wogwira thangata, nyumba idzagwetsedwa mvula isanagwe. Mayi anangopitiriza kusenda chinangwa. Ine mantha anandigwira zedi.

Tsiku lina amalume, omwe ankaphikira mzungu, anatiuza kuti bwana wawo anakwera ndege ku Chileka atamwa tiyi wam'mawa, chakudya chamasana n'kukadyera ku Sozibele. Akuluakulu anangopukusa mitu. Koma ine ndinayeza mtundawo mmene tonse tinkayezera kwathu, ndi dzuwa. Kumene munthu amafika dzuwa lili paliwombo ndi pafupi, sikulira n'kamba yemwe. Ndiye kuti anthu oyenda pansiwa ankangozungulira, ndege ndiyo inkadziwa njira yachidule. Ndinatsimikiza zokawatenga bambo ndekha.

M'mawa wina ndege itadutsa, ndinakulunga kalongonda wophika m'tsamba la nthochi n'kuyamba kuilondola. Mame a m'tiyi ananyowetsa kansalu kanga, nkhungu ikununkha utsi wa ku fakitale. Ndegeyo inazimiririka ndisanawoloke n'kamtsinje komwe, koma kumene inalowera ndinali nditakuona. Dzuwa lili paliwombo, ndendende monga ananenera amalume, ndinangoti tulukiru pa njanji, sitolo yamalata ili poteropo. Ndinathamangira komweko. Sozibele!

Pakhonde la sitoloyo panali telala wovala kachisoti koyera, akupalasa makina ake. Ndinagwada mwaulemu.

“Ndikufuna bambo anga, a Namakhwa a ku Thyolo.”

“Iwe mwana, pano ukuyesa ndi pati?”

“Si ku Sozibele kuno? Inetu ndalondola ndege.”

“Pano ndi pa Khonjeni, mwanawe. Ndiponso ndege wailondolayo imapita ku Beira.”

Anthu odikira sitima anaseka mpaka kugwira nthiti. Telalayo anandipatsa madzi, nandikweza pa njinga yake kundibweza kwathu. Dzina loti Sozibele linandikakamira mpaka ndinamera nalo ndevu.

Bambo sanabwere. Nyumba inagwetsedwa, ife n'kusamukira kwa Goliati, kwa abale a mayi.

Masiku ano ndege ikamadutsa, ana sakwezanso n'komwe maso. Mwana wanga wamwamuna ali ku Joni, ndipo anthu amanditonthoza kuti ndi pafupi, munthu amanyamuka m'mawa, masana wafika. Ndimangovomera, nanga ndinganene chiyani ine katswiri wa mitunda? Koma ana ake akukulira pakhomo panga pano, ndipo wamng'onoyo nkhope ya bambo wake saidziwa.