Khosi la Zuze

Dzana ndinadzuka khosi litauma. Ndinathamangira kuchipatala pa kabaza nditavala nsapato zosiyana, ndikutsanzika aliyense panjira. Adokotala anangoseka, nati vuto ndi mtsamiro wanga. Manyazi ake, ine munthu wodzitama kuti ndimawerenga ngakhale nyuzipepala zokulungira usipa!

Mantha amenewa anayambira ku Malindi, nthawi imene anthu othawa nkhondo ku Mozambiki ankadzaza m'makhonde mwathu. Kwathu kunkakhala Zuze, mwana wamsinkhu wanga amene anafika yekhayekha, ndipo tinkagona mphasa imodzi. Tsiku lina amalume atachokera kunyanja, akununkha utsi wa nsomba, anamutuma madzi akumwa. Zuze anagwada, koma mutu sanaweramitse. Khosi linangoti njo, maso atatsinzina chifukwa cha kuwala kwa dzuwa.

"Iwe, ukudya zathu, ndiye uzindiumitsira khosi ine?" anakalipa amalume, mbama n'kugwa.

Zuze sanalire, ndipo ine ndinasirira. Ndinkayesa ndiko kulimba mtima kwa anthu oona nkhondo, moti ndinapita kuseri kwa nyumba kukayeserera kuyenda khosi chiimire. Pogona usiku umenewo, thupi la Zuze linkandiotcha ngati mbaula. Pamene ankamunyamula kupita naye kuchipatala m'mawa mwake, anali atasiya kuyankha. Sanabwerenso. Ndinadzamva nditakula kuti anali matenda oumitsa khosi.

Nditabwerako kuchipatala dzana lija, ndinawafotokozera zonsezi Abiti Saidi, aneba anga, amenenso anabwera kuno ndi nkhondo yomweyo. Anapitiriza kusenda chinangwa chawo osandiyang'ana.

"Achimwene," anatero, "inu khosi likauma amati mwadwala. Ife likauma ankati ndi mwano."