Kamtengo ka M'beseni

Kamtengoko ndinakapeza kwa bambo wina wogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga. Kanali kamkungudza kolekeza m'bondo, kali m'pulasitiki yakuda. Ndinali nditaona pa foni anthu akudula ndi kupinda timitengo totere kuti tizioneka ngati mitengo yakalekale koma tili m'mbale. Amati bonsayi. Ine telala wa ku Mtendere, wokhala m'nyumba ya lendi yopanda ndi pobzala tomato pomwe, mtima unangoti nanenso ndiyese.

Amuna anga amakonza magetsi. Nditawapempha waya wa kopa, anandiyang'anitsitsa.

"Mufuna kuika malaiti ku mtengo?"

"Nipaseni chabe, muzaona."

Loweruka m'mawa ndinakhala pakhonde. Ndinakaokera m'beseni lakale limene ndinaliboola pansi ndi msomali, kenako ndinatenga sizasi yanga yodulira nsalu. Ndikachotsa nthambi kuno, uko kumaoneka kothithikana. Ndikachotsa uko, kuno nakonso. Manja ankangonunkhira utomoni. Ndinakulunga waya pathunthu n'kulipinda pang'onopang'ono, kuopa kuti lithyoka. Podzaimirira, kamtengo kanali katatsala ndi nthambi zowerengeka, kopendekeka ngati kakuthawa mphepo.

Mayi eni nyumba anatulukira ndi ndowa, n'kuima.

"Iyee, ba telala! Kanakulakwilani chani kamtengo aka?"

Anaseka mpaka madzi kutayikira, inenso ndinaseka nawo. Masabata otsatira masamba ena anauma, moti ndinkadutsa pakhondepo nditayang'ana kumbali.

Mvula itayamba, m'mawa wina ndinaona tinsonga tatsopano, tanthete, pa nthambi iliyonse. Ndinakuwa mpaka amuna anga anatuluka ndi mswachi m'kamwa, kuyesa kwalowa wakuba.

Chaka chotsatira mwana wa eni nyumba ankakwatiwa. Mayi aja anabwera ku mashini kwanga, akusisita manja.

"Tibwelekeniko kaja kamtengo, tikaike pa tebulo ya mkwatibwi pa kicheni pate."

Ndinakanyamula ndekha pamiyendo m'minibasi, kondakitala akukalipira aliyense wokakhudza ndi chikwama. Kuholo kumene kunachitikira phwando la mkwatibwilo, azimayi ankasinthana kujambulitsa nako. Wina anakana kwamtuwagalu kuti n'kamoyo, mpaka anatsina tsamba n'kununkhiza, kenako anaimba nthungululu. Tsiku limenelo ndinavina mpaka chitenje chinamasuka.