Timu ya M'hadidisiki Yakale

Anthu a mu msewu umenewo ankamutchula kuti Lumo, ndipo mwini wake anasiya kalekale kukana. Malo ake ometera anali kachipinda kopanikizika pakati pa sitolo ya penti ndi mkulu wogulitsa matayala akale. Munali mpando umodzi wozungulira umene unkalira ngati kamwana ka mbuzi, galasi long'aluka pakona, benchi ya odikira, ndi katani ya maluwa yobisa kuseri. Ntchitoyi anaiphunzira kwa malemu bambo ake, amene anamusiyira mpandowo pamodzi ndi ulesi wa pakamwa. Ankameta mwachifatse. Wina akamufulumizitsa ankangoti, "Mutuwu mupita nawo kwanu, bwana, sutsala kuno," munthu uja n'kukhazikika.

Kuseri kwa kataniyo kunali moyo wake wina. Iye ndi mng'ono wake anagula kompyuta yakale ku ofesi ina imene inkatseka, ndipo Lolemba masana, malo ometera akatsekedwa, ankakhala pa makatoni n'kumamenyana pa mpira wa pa sikirini. Mng'ono wakeyo dzina lake lodziwika linali Goloboyi, chifukwa ali wamng'ono akuluakulu ankangomuponya pagolo. Pa kompyuta ndiye anabwezera zonse. Ankagoletsa n'kuimirira, n'kuvina, uku akufunsa mwaulemu wachipongwe, "Achimwene, ndichepetse?"

Goloboyi ndi amene anapanga timu yawoyawo m'gemumo. Mkulu wa matayala anamuika kumbuyo, ati popeza akaima pakhomo palibe amadutsa. Telala wa patsidya anamuika kumapiko. Kutsogolo anaikako bambo awo. Anavutika nayo nkhope imeneyo: dazi lonyezimira, ndevu zapamlomo zopendekera kumanzere, makutu otambasuka ngati zogwirira poto. Chithunzi cha malemuwo panyumba chinalipo chimodzi chokha, chofufuma, koma pa sikirini anatuluka ndendende. Munthu amene moyo wake wonse sanathamangirepo ngakhale basi tsopano ankapyola adani ngati mphepo. Abalewo anaseka mpaka misozi, kenako anapitiriza kusewera osayang'anana.

Tsiku lina Goloboyi anapeza ntchito yowotcherera zitsulo pa doko lina lakutali, kutsidya kwa nyanja. "Ndikungokaona, achimwene," anatero potsanzika. Zaka zinadutsa akuonabe. Ankaimba foni, inde, koma nkhani sinkayenda.

"Kuli bwanji kumeneko?"

"Kuli bwino. Alamu ali bwanji?"

"Ali bwino."

Akatero ankamvetserana mpweya mpaka wina anene kuti kwabwera kasitomala. Lumo anazindikira mochedwa kuti iye ndi mng'ono wake sanaphunzirepo kucheza manja ali chabe. Nkhani zawo zonse, za akazi, za maliro, za mantha, zinkatuluka maso ali pa mpira. Ankati akayatsa kompyuta ija yekha, padi yosewerera yachiwiri ili pa katoni, gemu inkamuwawa ngati chakudya chopanda mchere.

Ndiye tsiku lina Goloboyi anati, "Kunotu kwatuluka mpira watsopano, umaseweredwa pa intaneti. Koma nkhalamba yanu ija singaukwanitse. Mangani kompyuta ina, ndizikukwapulani ndili konkuno."

Lumo anaseka, koma mawa lake anapezeka pa benchi ya mayi wina wokonza makompyuta m'kanjira ka kuseri kwa msika. Anthu ankamutcha Anamawaya. Anali wamfupi, magalasi ali pamphumi, sikuludiraiva atabaya m'tsitsi. Lumo analoza bokosi la galasi loyaka magetsi ofiira ndi obiriwira.

"Ndikufuna ngati ilo."

"Mukufuna kusewera mpira kapena kutsegula bala?" anafunsa mayiyo. "Khalani apo. Bokosi ndi malaya chabe. Tiyambe ndi zam'mimba."

Anamuyalira zida pa thebulo. Purosesa, anati, ndiye mutu, ndipo sangakwatirane ndi bolodi lililonse. Ukalakwitsa banja limeneli, zina zonse n'zotaya. Ramu, yothandiza kompyuta kukumbukira zimene ikuchita, agule timitengo tiwiri tofanana, osati kamodzi kakakulu. Khadi ya zithunzi ndiyo miyendo ya osewera, ndipo kumeneko ndi kumene thumba limalirira. Lumo ankangogwedeza mutu ngati kasitomala amene wamugwira chibwano. Atafika pa bokosi logawa magetsi, iye analoza lotchipa.

"Ilo ayi," anatero Anamawaya. "Limenelo likamafa silipita lokha kumanda, limatenga anzake."

Sanagule tsiku limodzi. Ankati akapeza kangachepe, n'kukatenga chida chimodzi, n'kukachibisa m'kabati ya kunyumba pakati pa zofunda. Khadi ya zithunzi anaipeza yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo Anamawaya anaiyesa tsiku lathunthu, akuigwiragwira ngati mwana wa malungo, asanavomere. Mkazi wake wa Lumo, amene ankagulitsa nsalu m'sitolo ya m'tauni, anatsegula kabati tsiku lina fani yoziziritsa kompyuta n'kumugwera paphazi.

"Abambo, mukanangondiuza kuti mwatenga mkazi wachiwiri. Nanga mpaka kugona pa mashiti anga?"

"N'za alamu ako izi."

"Alamu angobwera okha, tiwaphikire. Zitsulozi zidya chiyani?" Anatero akuseka, koma anapukuta fumbi pa katoni ya bolodi n'kuisunthira pamwamba pomwe sipafika chinyezi.

Tsiku lomanga, Lumo anapempha chinthu chimodzi: hadidisiki ya kompyuta yakale, momwe munasungidwa timu yawo ija, ilowe nawo m'bokosi latsopano, pambali pa yatsopanoyo. Anamawaya anadandaula kuti akukweza gogo pa njinga yamoto, koma anaimanga. Atadina batani, mafani anazungulira mwakachetechete, ndipo sikirini inawala.

Chinatsala ndi gemu yeniyeniyo. Goloboyi analonjeza kuti amugulira mwezi ukatha. Koma mwezi unali kutali, ndipo kompyuta inali pafupi, kuseri kwa katani, ikungomuyang'ana. Panali kasitomala wina wa tcheni m'khosi, wodziwa zonse, amene anamva nkhaniyi ali pampando.

"Kugula? Madala, anthu anasiya kale zimenezo. Ine ndili nayo pa fulashi, yotsegula kale. Ikakuuzani kuti muzimitse chitetezo, zimitsani, ndi mmene imalowera."

Lumo analandira fulashiyo, mtima ukumuuza zina, chala chikuchita zina. Gemu inalowa theka n'kuima. Sinatsegukenso. Chimene chinatseguka ndi mavuto. Mafani anayamba kubangula ngakhale palibe akusewera. Bokosi linkatentha moti ukanaumitsapo thaulo. Kawindo kakuda kankati kuphethira n'kuzimiririka asanawerenge chilichonse. Mayunitsi a magetsi ankatha ngati pali wina akuwamwa ndi kapu. Iye ankadziuza kuti mwina makompyuta amphamvu amatero.

Lachinayi m'mawa mkulu wa matayala anatseka khomo lonse ndi thupi lake, foni ili m'manja.

"Iwe Lumo, vidiyo yanji wanditumizirayi? Ati, 'Kodi si inu awa?' Ine ndachita chiyani?"

"Ine sindinatumize kanthu."

"Telala walandiranso. Ngakhale apongozi ako, ndamva."

Asanayankhe, foni yake inalira. Anali Goloboyi, ndipo ulendo uno sanafunse za moyo. "Achimwene, mwaika chiyani m'kompyutamo? Zulani waya wa intaneti pompano. Mwazula? Musalembemonso pasiwedi iliyonse. Uzani anthu asadine uthengawo." Analankhula nthawi yaitali, akukalipa, akulangiza, akubwereza. Lumo ankangoti eya, eya, manyazi atamugwira, komabe penapake m'chifuwa munkakoma. Mawu ochuluka chotero a mng'ono wake anali asanawamve chichokereni.

Anakulunga bokosilo m'nsalu yofunditsa makasitomala, n'kulinyamula pachifuwa mpaka kwa Anamawaya. Mayiyo anamva nkhani yonse osamudula, kenako anatsitsa magalasi.

"Mlonda wanu anakuuzani kuti pakhomo pali wakuba, inu n'kuthamangitsa mlondayo."

"Ndinafulumira, mayi."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo. Tulutsani foni, tisinthe mapasiwedi onse muli pompa."

Anaisiya kompyutayo ikufufuzidwa mpaka dzuwa kupendeka. Zinapezeka zinthu zingapo: china chinkagwiritsa ntchito khadi ya zithunzi kupangira phindu anthu osadziwika, china chinkaba mapasiwedi. Anamawaya anati zimene zaoneka wazichotsa, koma zoterezi zimabisa ana. Njira yokhayo yogonera tulo ndi kufufuta zonse, madisiki onse awiri, n'kuyambiranso.

"Yatsopanoyo fufutani," anatero Lumo. "Yakaleyo ayi."

"Sindikunena kuti muli kachilombo. Ndikunena kuti sindingalumbire kuti mulibe. Gemu yanu yakale ija nayo ikuoneka yokayikitsa, mwina zaikhudza, mwina inabwera choncho kalekale."

"Mmenemo muli bambo anga."

Mayiyo anamuyang'ana, akudikira kuti aseke. Lumo sanaseke. Anafotokoza za timu ija, za dazi ndi makutu, za chithunzi chofufuma. Anamawaya anazula sikuludiraiva m'tsitsi, n'kuibwezeramo. Anamuuza mosabisa kuti ngakhale atakopera timuyo, gemu yatsopano singaiwerenge. Kenako anakoka pansi pa thebulo kompyuta ina yophwanyikaphwanyika, yosalumikizidwa kulikonse, imene ankayesera zinthu zokayikitsa, n'kulumikizako hadidisiki yakale ija.

"Iyi ndi ya odwala. Tiyeni tiwaone madalawo."

Gemu yakale inatseguka mokoka miyendo. Timu inalowa m'bwalo, ndipo kutsogolo kunali dazi lija. Lumo anagwira kiyibodi, n'kupatsira mpira kwa telala, telala n'kuukweza, bambo ake n'kuumenya ndi mutu. Unagunda mtengo wa golo.

"Ngakhale ali moyo ankaphonya chomwechi?" anafunsa Anamawaya.

"Sankadziwa n'komwe kuti mpira uli ndi mbali ziwiri."

Mayiyo anaimitsa gemu pamene nkhope inadzaza sikirini, ndipo Lumo anaijambula ndi foni kangapo, chapafupi ndi chapatali. Zitatha izi Anamawaya anaizula hadidisikiyo, osaifufuta, n'kuikulunga m'pepala la pulasitiki. "Muisunge pouma. Musadzailumikize ku yatsopanoyi. Mukawasowa, bwerani nayo kuno."

Mwezi utatha Goloboyi anatumiza gemu yeniyeni, yogula. Anapangana Lolemba. Kwa Lumo anali masana, dzuwa likulowa pansi pa chitseko chotseka. Kwa mng'ono wake kunali kutangocha, asanapite ku ntchito. Lumo anakhala pa katoni, zomvera zili m'makutu. Intaneti inkachita chibwibwi, osewera ankaima n'kudumpha ngati akuponda makala, koma mawu ankafika.

"Achimwene, kumbuyo kwanuko kuli anthu kapena mipando?"

"Sewera, usalongolole."

Chigoli choyamba chitalowa anamva mpando ukukhwekhwerezeka kutsidya kwa nyanja, ndipo anadziwa kuti munthu uja waimirira, akuvina. Pakati pa chigoli chachiwiri ndi chachitatu nkhani zinayamba kutuluka zokha. Goloboyi anasimba za kuzizira kumene kumalowa m'mano, za chipinda chimene amagona ndi anzake a zilankhulo zina, za chala chimene anapsa chaka chatha osauza aliyense. Anati chithunzi cha bambo chimene Lumo anajambula pa sikirini n'kumutumizira anachiika pa foni, ndipo anzake amafunsa ngati anali katswiri wa mpira. "Ndimawauza kuti eya." Kenako, mpira uli pakati pa bwalo, anati, "Andiwonjezera kontirakiti. Ndasaina."

Lumo anaponya mpira kunja popanda womuthamangitsa.

"Wachita bwino," anatero. "Ntchito ndi ntchito."

Gemu itatha Goloboyi anayatsa kamera kuti atsanzike. Nthawi zonse pa foni ankakhala atavala chipewa cha ubweya, koma lero anali m'nyumba, mutu uli pamtunda. Lumo anasendera pafupi ndi sikirini. Mzere wa pamphumi unali wokhota, kumanzere kokwera, kumanja kotsika. Pamwamba pa khutu panali pamene makina analuma. Ndipo m'mbali monse munali imvi, zambiri ndithu, zimene iye sanazione zikubwera. Kuyambira ali mwana wolira pampando uja, mutu umenewo sunagwidwepo ndi munthu wina kupatula bambo awo ndi iye.

"Wakumeta ndani?"

"Ndekha, pa galasi la kubafa. Zaipa?"

"Tembenuka ndione kumbuyo."

Goloboyi anatembenuka. Kumbuyo ndiye kunali munda wolimidwa ndi mlendo. Lumo anapeza kuti dzanja lake lakwera lokha, chala chachikulu chikufuna kupendeketsa mutuwo pang'ono kuti uone kuwala.

"Ukamameta kumbuyo uziyambira pansi kukwera," anatero, mawu atatsika. "Usamakanikize makina. Ndipo upeze wina akugwirire galasi lachiwiri."

"Chabwino, achimwene. Basi yanga yafika. Lolemba?"

"Lolemba."

Sikirini inabwerera ku bwalo lopanda anthu. Kunja wina anagogoda, akufunsa ngati n'kotsegula. Lumo anakhala kaye pa katonipo, zomvera zikadali m'makutu. Atagogodanso kachiwiri, anaimirira n'kukatsegula, ngakhale linali tsiku lopuma.