Anandimiza M'dziwe la Mafunde Akuseka

Anzanga, Tae-gyu ndinakumana naye kuchipatala cha mano komwe ndinkagwira ntchito ku Cheonan. Chimwamuna chachitali, koma ataona jakisoni anayamba kutuluka thukuta.

"Chonde musandisiye ndekha ndi adokotalawa," anandinong'oneza.

Ndinaseka mpaka adokotala anandiyang'ana ndi diso loipa. Patatha masiku atatu anabweranso, dzino lili bwinobwino, khofi ali m'manja.

Ankandiposa zaka zinayi, choncho ndinkamuitana oppa, monga mmene kwathu mtsikana amaitanira mwamuna womuposa zaka. Ankandidikira ndikaweruka, kundinyamulira chikwama, kunditenthetsa manja m'thumba la jekete lake. Vuto linali limodzi. Mwamuna akangondipatsa moni, funso linali lomwelo: "Ameneyu ndi ndani?"

Ine ndinkati ndi chikondi.

Mu January, kunja kuli chisanu choopsa, ananditengera ku paki ya madzi ku Asan, ija ya denga lagalasi. Pansi kuli maiwe osewerera, lina la mafunde opangidwa ndi makina, pamwamba kuli mabafa a madzi otentha ochokera pansi pa nthaka, amuna kwawo, akazi kwawo. Sinditha kusambira, ndipo iye ankadziwa.

"Ukuopa chiyani, Da-som? Wavala jekete loyandamitsa, komanso ine ndilipo."

Foni yanga anaiika m'kathumba kake kosalowa madzi, kolendewera m'khosi.

Tili pamzere wa slide yotsetserekera m'madzi, wina anandiitana. Anali Dong-ha, amene tinaphunzira limodzi ku sekondale, atanyamula mwana wake wamkazi.

"Da-som, ndiwe? Masiku ano umalowa m'madzi? Si iwe unkalira pa phunziro losambira?"

"Choka iwe, mwana ali m'manja koma pakamwa sipanasinthe."

Tinaseka, n'kusiyana. Tae-gyu sanaseke.

"Tiye ku mafunde," anatero.

Anandigwira dzanja n'kumandikokera mkati. Madzi anafika m'chiuno, kenako pachifuwa. Kenako mapazi anga anasiya kugunda pansi.

"Oppa, apa pakwana."

Anapitiriza kundikoka. Belu linalira, anthu onse anakuwa mosangalala, funde lalikulu linadzuka. Pomwepo ndinamva dzanja lake kumbuyo kwa khosi langa.

Anzanga, jekete lija limakukankhira m'mwamba. Kuti munthu akumize utalivala, ayenera kugwiritsa ntchito mphamvu zake zonse.

Ndinkangoona miyendo ya anthu ndi thovu. Atandisiya ndinatuluka ndikutsokomola.

"Mwamuna uja anali ndani kwa iwe?" anandifunsa Tae-gyu.

"Mnzanga wa kusukulu... oppa, chonde..."

Funde lachiwiri linabwera, anandimizanso. Ulendo uno anachedwa. Chifuwa chinayamba kutentha, m'makutu munalira. Ndinamukanda pamkono koma dzanja silinasunthe. Ndinaganiza za mayi anga, kuti adzangouzidwa kuti inali ngozi.

Nditatuluka ndinamupeza akuseka. Mayi wina pafupi nafe anatimwetulira, poganiza kuti ndi masewera a anthu okondana.

"Iwenso ndiye wamantha. Nthabwala chabe." Kenako anaika pakamwa pakhutu langa. "Usadzandichititsenso manyazi."

Titafika pamtunda anandifunditsa thaulo mwachikondi, n'kufunsa ngati ndikufuna mazira owotcha. Zimenezi zinandiopsa kuposa madzi aja.

"Ndazizidwa. Ndikufuna ndikawothe m'bafa lotentha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mphindi makumi atatu. Ndikhala pakhomo."

Mbali ya akazi ndi malo okhawo omwe sakanalowa. Ndinakhala m'madzi otentha mpaka m'khosi, koma mano ankagundanabe. Khomo lotulukira lomwe ndinkalidziwa linali limodzi, ndipo foni yanga inali ndi iye.

Mayi wina wokhula anthu m'thupi, wonenepa, wa tsitsi lopotana, anali atangomaliza kasitomala wake. Anandikodola.

"Mtsikana, tabwera. Tembenuka."

Anandinyamula tsitsi n'kuyang'ana kumbuyo kwa khosi.

"Pali zizindikiro za zala zinayi ndi chachikulu. Wakuchita zimenezi ndani?"

"Timangosewera, azakhali."

"Ndakhula akazi zaka makumi awiri ndi zitatu. Misana yonse imanena kuti timangosewera. Ali kuti?"

"Pakhomo."

Pomwepo sipika ya padenga inalankhula: "A Yeo Da-som, amene mwabwera nawo akukudikirani pakhomo."

Mphindi makumi atatu zinali zisanakwane. Ndinangokhala pansi pa matailosi n'kuyamba kulira.

"Udzalira kwanu. Dzuka, vala. Uli ndi m'bale amene nambala yake ukuidziwa pamtima?"

Ndinatchula ya mkulu wanga wa ku Suwon. Mayi aja anamuimbira pa foni yawo, kenako anaitanitsa taxi. Anandidutsitsa m'chipinda chochapiramo mathaulo, n'kutsikira masitepe a antchito. Sipika inatchulanso dzina langa tili pakati pa masitepewo, ine ndinaima.

"Mwina akungodandaula... mwina ndikamufotokozere..."

"Mwana wanga, amene akudandaula ndine. Yenda."

Ndinatulukira kumene amatsitsira katundu, tsitsi lili lonyowa. Pofika pa taxi linali litauma gwa ndi chisanu. Njira yonse ndinagona pampando, kuopa kuti andiona pawindo. Dzina la mayi aja sindinafunse.

Mkulu wanga anajambula khosi langa n'kupita nane kupolisi. Ntchito ndinasiya, chifukwa Tae-gyu anaima panja pa chipatala masiku anayi otsatizana. Tsopano ndimakhala ku Suwon, nambala ndinasintha.

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Tsitsi sinditha kuchapa nditaweramira m'beseni, amandichapa mkulu wanga, ine nditayang'ana kudenga.

Koma chimene chimandichititsa manyazi ndi ichi, anzanga. Masiku ena ndimamusowa. Ndimadzipeza ndikuganiza kuti mwina inalidi nthabwala, mwina ndinaseka kwambiri ndi Dong-ha.

Zikatero ndimadzikumbutsa kuti mantha anga aakulu ndinamuuza ndekha, ndi pakamwa panga, chifukwa ndinkamukhulupirira. Iye anawasunga mpaka tsiku limene anawafuna.