Digiri ya M'chipinda Chozizira

Ku kampani imene amagwirako ntchito achemwali anga, ndi ochepa amene amawatchula dzina lawo lenileni. Kuyambira mlonda wa pageti mpaka bwana wamkulu, onse amangoti Mayi Zimitsani. Dzinali linachokera pa lamya. Munthu akaimba kuti kompyuta yake yauma, achemwali sadzuka msanga pampando. Amangoti, "Zimitsani, muwerenge mpaka teni, muyatsenso." Mwa anthu khumi oimba, asanu ndi awiri saimbanso.

Kampaniyo imagawa mankhwala m'zipatala ndi m'masitolo. Kutsogolo kuli maofesi a nsanjika ziwiri, kumbuyo kuli chinyumba chosungiramo katundu, ndipo kompyuta iliyonse, printa iliyonse, ngakhale waya woyenda kudenga, zonse zili m'manja mwa achemwali. Koma sanayambire pamenepo. Analowa ali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ntchito yawo inali kutayipa makalata. Masiku amenewo chinthu chikawonongeka ankaitana bambo wina wapadera, wa chikwama chachikopa, yemwe ankatha masiku atatu asanafike. Akafika, achemwali ankaimirira kumbuyo kwake n'kumaonerera. Tsiku lina printa inatafuna pepala bamboyo ali paulendo, achemwali anaitsegula ndi kampeni kotsegulira maenvulopu, n'kusolola pepalalo, printa n'kuyamba kuyenda. Basi, anali atadziputira ntchito ya moyo wawo wonse.

Ife apabanja sitinadabwe. Paja amati make mbuu, mwana mbuu, koma kwathu mbuu anali bambo. Ankakonza mawailesi ndi mawotchi pakhonde la sitolo, ndipo mwa ana awo anayi, amene ankakhala nawo pabenchi n'kumawagwirira timasikuluwu anali achemwali. Ine mng'ono wawo ndinatengera mayi, manja anga ndi a tsitsi, ndili ndi saluni.

Digiri yoyamba anaipeza movutikira, kuphunzira Loweruka ndi Lamlungu, mwana ali kumsana. Tonse tinkayesa kuti sukulu yathera pomwepo. Koma ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, kampani inaitana katswiri wina wachinyamata kuti adzaunike za chitetezo cha makompyuta. Mnyamatayo anayenda masiku awiri m'maofesi, kenako anaimirira pamsonkhano n'kunena zinthu zisanu zofunika kusintha. Zinayi mwa izo achemwali anali atazilemba kale m'lipoti zaka ziwiri m'mbuyomo, lipoti limene linangogona m'dirowa. Mabwana anamuombera m'manja.

Lamlungu lake anabwera kusaluni kudzalukitsa tsitsi, ndipo atandifotokozera ndinapsa mtima kuposa eni ake.

"Ndiye munangokhala chete, achemwali?"

"Nanga ndikanatani? Mwanayo sananame. Kungoti ndaona kuti mawu anga akuyenda opanda nsapato. Ndikufuna ndikawagulire."

Nsapato zake zinali digiri yachiwiri, ija amati masitazi. Alamu anga, amuna awo, ndi kalipentala, munthu wosachulutsa gaga m'diwa. Atauzidwa anangofunsa kuti, "Zaka zingati?" Atamva kuti ziwiri anati, "Ndiye pafunika tebulo." Pasanathe sabata tebulo linafika, losalala, la madirowa atatu, ndipo analiika pawindo kuchipinda chochezera.

Tebulolo silinagwire ntchito yake, ndipo mlandu wina ndi wanga. Munthu wodziwa makompyuta sapuma pakhomo. Loweruka akangotsegula buku, wina wagogoda: foni yadzaza, laputopu ya mwana yakana kuyaka, zithunzi za ukwati zasowa. Ineyo ndinapitako kawiri ndi foni ya kusaluni. Achemwali sadziwa kukana. Pofika mwezi wachitatu anali atatsalira m'mbuyo pa maphunziro awiri.

Anapulumukira kuntchito. Pansi pa masitepe a kuofesi pali kachipinda kopanda windo, mmene mumakhala makina aakulu osunga zonse za kampani, amene amawatcha seva. Makinawo safuna kutentha, choncho choziziritsa mpweya chimayaka usana ndi usiku, ndipo mkatimo mumangomveka kulira kwa mafani ngati njuchi. Kiyi anali nayo iwo okha. Anaikamo kampando kapulasitiki, alamu anawadulira thabwa loika pamiyendo, ndipo tsiku lililonse, ikangokwana thwelofu, ankadzitsekera mmenemo mpaka hafu pasiti wani. Ankavala juzi yofiira yoluka, chipewa cha ubweya ndi masokosi awiriawiri. Kunja dzuwa likuswa mtengo, iwo n'kumatuluka ali chonchi, mpaka mlonda anawafunsa ngati ayezetsa malungo. Mayi wophika tiyi ndiye anayamba kuzindikira. Sananene kwa munthu, koma ikakwana wani ankasiya fulasiki pakhomo, n'kugogoda kamodzi, n'kumapita.

Chaka chachiwiri chinali cha kafukufuku. Anzawo m'kalasi anasankha mitu ikuluikulu, koma achemwali anasankha chinthu chimene chinkawasowetsa mtendere kwa zaka zambiri. Kompyuta iliyonse imatsegulidwa ndi mawu achinsinsi, pasiwedi, ndipo iwo ankalalikira mwezi ndi mwezi kuti munthu asalembe mawuwo papepala. Koma akatukula kiyibodi ya aliyense, pansi pake ankapeza kapepala. Ena ankamata pakhoma penipeni, pafupi ndi kalendala. Anafuna kudziwa chifukwa chake anthu anzeru zawo amachita zimenezi.

Anacheza ndi antchito oposa makumi anayi, a pakampani pawo ndi a makampani ena awiri. Amene anawatsegula maso anali bambo woyang'anira nyumba ya katundu, wachikulire, wotsala pang'ono kupuma pantchito. Anawalandira atakhala pa katoni ya magulovesi.

"Mayi, ndilankhule zoona kapena zokomera sukulu yanuyo?"

"Zoona, bambo."

"Inu mumati tizisintha pasiwedi mwezi uliwonse. Muzikhala nambala, chilembo chachikulu, ndi kanyenyezi. Yakale osaibwereza. Ine ndili ndi ana asanu ndi mmodzi, masiku awo obadwa ndawatha onse. Ndalowa kwa adzukulu, nakonso atsala awiri. Mukufuna ndibereke wina pa msinkhu uno?"

Achemwali anaseka mpaka misozi, koma pobwerera kuofesi anayenda pang'onopang'ono. Lamulo limene bamboyo ankadandaula nalo analemba ndi iwo. Anapita kukafufuza kusamvera kwa anthu, n'kukapeza kuti wopalamula ndi wokhazikitsa malamulo. Anatembenuza kafukufuku yense kuti ayang'ane kumeneko.

Wowayang'anira kuyunivesite anali mayi pulofesa wina wochepa thupi, wolankhula motsitsa, wosaseka. Mutu wachitatu wa kafukufukuyo anaubweza kanayi. Kachinayiko kanakumana ndi sabata yoipa. Lolemba m'mawa seva inafa, magalimoto onyamula mankhwala anandanda pageti osadziwa kolowera, madalaivala atakhala pamthunzi, bwana wamkulu ataimirira pakhomo la kachipinda kaja n'kumayang'ana wotchi. Mwamwayi achemwali ankakopera zonse pamalo ena tsiku ndi tsiku, ndipo pofika chakumasana anali atabwezeretsa chilichonse. Magalimoto ananyamuka. Atangokhala pansi kuti amwe madzi, anaona uthenga wa pulofesa: mutu wachitatu ulembedwenso.

Loweruka lake analongedza mabuku onse m'katoni n'kumanga ndi chingwe. Alamu sanatsutse. Ananyamula katoniyo n'kukaiika pamwamba pa kabati, kenako anakwera basi kukatenga apongozi awo, bambo athu.

Bambo athu maso anachita mdima, mawailesi anasiya kalekale, koma pakamwa m'pakuthwabe. Atakhala pampando anayamba ndi funso lawo la masiku onse.

"Kodi sukulu ukuphunzirayi, ukamaliza uzidzatha kukonza wailesi?"

"Ayi ababa. Ndiponso ndasiya."

"Wasiya kapena watopa?"

Bambo anapitiriza osadikira yankho.

"Ine wailesi ikandikanika sindinkaibweza kwa mwini wake. Ndinkaivundikira ndi nsalu, n'kupita kokayenda. Ina inakhala miyezi itatu. Tsiku lina ndikumeta ndevu, ndinangodziwa pamene pali vuto. Vundikira, mwana wanga. Sikuthawa."

Anavundikiradi. Kwa masabata awiri sanagwire buku. Anagona masana a Lamlungu, anakaona anzawo, anabwera kusaluni kudzangokhala n'kumamvera miseche. Sabata yachitatu anapita okha kwa pulofesa n'kufunsa mosabisa kuti cholakwika n'chiyani, popeza manambala onse anali olondola.

"Manambala alibe vuto," anatero pulofesayo. "Koma inu mukulemba ngati mlendo woopa kuthyola mbale. Tsamba lililonse mukubisala kumbuyo kwa zimene analemba ena. Mwagwira ntchito imeneyi zaka makumi awiri. Ndikufuna ndimve inuyo."

Anaulemba m'masiku khumi, m'kachipinda kozizira komwe kaja, ndipo sunabwererenso.

Tsiku lokateteza kafukufuku pamaso pa oyesa ndinawaperekeza ndine. Tsitsi ndinawakonza ndekha, suti inali yatsopano, yabuluu. Ine ndinatsala pabenchi m'khonde, ndipo za mkatimo anandifotokozera potuluka, ngakhale kuti kuseka ndinakumva ndekha kudzera pachitseko.

M'chipindamo munali tebulo lalitali, pulofesa wawo, ndi woyesa mmodzi. Woyesa wachiwiri, wochokera ku yunivesite ina, anali asanafike. Atalumikiza laputopu, pulojekita yoonetsera pakhoma inangotulutsa chibuluu. Anatuma munthu kukaitana mmisiri wa pasukulupo, koma anali kunyumba ina kutali. Achemwali anakhala mphindi zisanu atapinda manja, akudziuza kuti lero ndi wophunzira, si za iwo. Zinawakanika. Anavula nsapato, n'kugwada, n'kukwawira kunsi kwa tebulo kumene kunali mawaya.

Nthawi yomweyo woyesa wachiwiri analowa, bambo wamtali wa mawu aakulu. Anaona mapazi atatulukira kunsi kwa tebulo.

"Amisiri, fulumirani, nthawi yatha. Nanga wophunzirayo ali kuti? Ine munthu wochedwa pa mayeso ake sindigwirizana naye."

Pakhoma panawala tsamba loyamba la kafukufuku. Achemwali anatuluka chafutambuyo, kangaude ali kumutu, fumbi lili m'mawondo.

"Ndine ndemwe, bambo."

Akuti aka kanali koyamba kuona mano a pulofesa wawo. Anaseka mpaka anavula magalasi. Bambo uja anapepesa kawiri, ndipo mantha onse amene achemwali anabwera nawo anatsala kunsi kwa tebulo. Komabe sanawamvere chisoni pa mafunso. Anawapanikiza ola lathunthu, ndipo pomaliza anafunsa kuti, "Nanga inuyo mayi, pasiwedi yanu simunailembepo papepala?"

"Ndinalemba. Ili mu envulopu yomata, m'sefa yosungira ndalama ya abwana. Ndikadzagundidwa ndi galimoto, kampani isadzagundidwire limodzi ndi ine."

Anawatulutsa kuti akambirane. Tinakhala pabenchi paja, ine ndikuwachotsa kangaude m'tsitsi ndikudandaula ntchito yanga. Patapita mphindi khumi anawaitananso. Anakhoza. Zokonza zinali zing'onozing'ono, manambala a masamba ndi tchati chimodzi chopendekeka.

Pa mwambo wolandira digiri tinapita banja lonse. Dzina lawo litatchulidwa ndinakuwa mpaka mayi wa kutsogolo kwanga anatseka makutu. Panja pojambulitsa, bambo athu anapempha chipewa cha makona anayi chija, anachipapasa mbali zonse, n'kunena kuti amene anachipanga sankadziwa maonekedwe a mutu wa munthu. Koma anachivala, ndipo anakana kuchivula mpaka tinakafika kunyumba.

Kuntchito zinthu zinasintha mosachita phokoso. Lamulo la mwezi ndi mwezi analichotsa. Tsopano aliyense amasankha chiganizo chachitali chimene angachikumbukire, ndipo timapepala tinatha pansi pa makiyibodi, kupatula kwa anthu awiri amene ngakhale mvula ya matalala singawasinthe. Achemwali anawakweza kukhala mkulu wa nthambi, anawapatsa ofesi ya windo, ndipo amakhala nawo pamisonkhano ya mabwana. Analembanso ntchito mayi wina woti azithandizana nawo, moti kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri achemwali anatenga tchuthi cha mwezi wathunthu lamya osalira. Pulofesa uja amawaitana kamodzi pa teremu kukalankhula kwa ophunzira atsopano, ndipo akuti holo imadzaza.

Ndinawafunsa ngati akuganiza zopitiriza mpaka udokotala.

"Iwe, undifunire zabwino," anatero. "Pali china chimene ndakhala ndikuchifuna kuyambira ndili mwana."

Chinthucho chinali njinga. Achemwali anga, munthu woti makina aliwonse amamumvera, anali asanapalasepo njinga chibadwire. Tsopano Loweruka m'mawa amapita pabwalo la sukulu ya pafupi ndi kwawo, iwo pachishalo, alamu akuthamanga pambuyo atagwira keliyala. Sabata yatha ndinapita kukaonerera. Anayenda mwina mamita makumi atatu, chiwongolero chikugwedezeka uku ndi uku, akukuwa kuti, "Musandisiye, bambo! Musandisiye!" Alamu anali atawasiya kalekale, ataima pakati pa bwalo manja ali m'chiuno, akupuma mwawefuwefu. Achemwali anakafika mpaka kugolo, anatsika bwinobwino, ndipo atacheuka n'kuona pamene panaima amuna awo, anawaloza chala n'kunena kuti nkhani imeneyi akaikambirana kunyumba. Kenako anatembenuza njinga n'kukweranso.